Malemu anatisiyira chigayo mu wilo, tiwathokoze bwanji osaputa abale?

Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndine wapampando wa komiti ya sukulu ya mmera mpoyamba kuno kwa Chamama, ku Kasungu. Chaka chatha tinataya agogo ena, mphunzitsi wopuma ntchito amenenso ankalima fodya. Atawerenga wilo yawo, zinapezeka kuti nyumba ndi ng'ombe asiyira mayi ndi ana, koma chigayo cha dizilo chija anati chikhale cha sukulu yathu, ndalama zake zizigulira ana phala.

Ife sitinkadziwa n'komwe. Munthu wake ankangodutsa pa njinga, n'kuima pa mtengo wa mango, kufunsa kuti "adzukulu anga amwa phala lero?" Basi. Lero ana amene ankajomba chifukwa cha njala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale akumalawirira ndi makapu m'manja.

Vuto ndi ili: mwezi wa mawa banja likuvundukula chiliza. Komiti ikufuna kukalankhulapo mawu othokoza komanso kulemba dzina lawo pakhoma la sukulu. Mayi amasiye avomera ndi mtima wonse. Koma mwana wa mlongo wawo wa malemu, yemwe ankagayitsa pachigayopo zaka zambiri, sakutipatsanso moni. Akuti zinthu za amalume ake zapita kwa anthu akudza. Kunena zoona, ine ndimamumvera chisoni, chifukwa manja akewo ndi amene ankanunkha dizilo. Tipite kapena tikhale?

Mayi wa ku Santhe: Pitani, koma osatenga maikolofoni. Tengani nkhuni, ufa ndi nkhuku, mukaphike nawo kuseri ngati anthu apamudzi. Pachiliza eni ake ndi abanja. Zothokozazo konzani tsiku lanulanu kusukulu, muwaitane onse, mafumu akhalepo.

Bambo wa ku Kamwendo, Mchinji: Musanaganize za penti pakhoma, mapepala ali bwino? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, inde, koma inunso muzikhala ndi kalata yosonyeza kuti chigayocho munachilandira mwalamulo. Kafunseni ku ofesi ya DC ku boma. Nanga malo amene chigayocho chilipo ndi a ndani? Nkhani zambiri zimaphulikira pamenepo.

Mtsikana wa ku Mtunthama: Mnyamatayo mulembeni ntchito, azilandira pakutha pa mwezi. Makinawo amawadziwa ndi iyeyo. Mukabweretsa mlendo, miyezi itatu siikwana, injini yagogoda.

Wofunsa: Zikomo nonse. Malowo ndi a mayi amasiye, ndipo anatilola pakamwa chabe, ndiye bambo a ku Kamwendo mwanditsegula maso. Lolemba ndikwera kabaza kupita kwa amfumu kuti tilemberane. Za ntchito ya mnyamatayo ndakambirana ndi msungichuma wathu, wavomera, kungoti palibe akufuna kukayamba kumulankhula. Kodi nditume amfumu, kapena ndipite ndekha madzulo?