Wa njinga yamoto wagundidwa ku Joni: ndani alipira mwendo, ndani alipira njinga?

Nambewe wa ku Turffontein:
Abale, thandizeni nzeru. Mlamu wanga amaperekera zakudya pa njinga yamoto ya rendi. Wagundidwa ndi galimoto pa maloboti ku Rosettenville, mwendo wathyoka kumunsi kwa bondo ndipo amuika zitsulo. Wagalimoto akuti alibe inshulansi, mwini njinga akufuna ndalama zake. Tiyambire pati?

Achimwene a ku Yeoville:
Pepani achemwali. Choyamba siyanitsani thupi ndi njinga, chifukwa ndi milandu iwiri.

Za thupi zimapita ku Road Accident Fund, RAF, thumba la boma lolipira anthu ovulala pa ngozi za pamsewu. Ndalama zake zimachokera ku msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, choncho zoti wagalimoto alibe inshulansi zisakudetseni nkhawa. Lamulo la RAF la 1996 silikulolaninso kumusumira iyeyo pa za kuvulala, mumasumira RAF. Chofunika n'chakuti wagalimotoyo akhale kuti analakwitsa, ngakhale pang'ono. Ngati alamu anu nawonso analakwitsa, monga kudutsa loboti itafiira kapena kuvulala m'mutu chisoti asanamange, ndalama zimadulidwa molingana ndi gawo lawo la kulakwa.

Ngozi imayenera kunenedwa ku polisi kapena ku JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, pasanathe maola 24. Tengani nambala ya lipotilo, nambala ya galimoto, ndi mafoni a mboni lero lomwe. Ogulitsa malonda pakona paja ndiwo amaona zonse, koma pakatha miyezi iwiri simuwapezanso. Makamera a m'mashopu nawonso amafufuta zithunzi pakapita masiku, kapempheni msanga.

Fomu yake ndi RAF 1, ndipo ili ndi gawo lolemba dokotala amene anamuthandiza. Nthawi yoperekera ndi zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi ngati galimoto kapena woyendetsa akudziwika, koma zaka 2 zokha ngati anagunda n'kuthawa. Likadutsa tsikulo, mlandu wafa.

Mayi a Chisomo, Berea:
Ine ndilankhulepo za mwendowo, poti mapepala sangathandize munthu akalumala. Akatuluka m'chipatala muziyang'anira pamene zitsulo zalowera m'khungu. Pakafiira, kutentha, kapena kutuluka mafinya, bwererani tsiku lomwelo, matenda akalowa m'fupa amavuta kwambiri kuchiza. Ululu womangokulirakulira osamva mankhwala, mwendo kutupa n'kulimba ngati thabwa, zala kuchita dzanzi kapena kuzizira, zimenezo si zodikira mawa. Ngati anamenyetsanso mutu, kusanza, kusinza kosalekeza ndi kusokonekera zingatanthauze kuti magazi akukha mkati mwa mutu. Imbani 112 pa foni ya m'manja.

Ndipo chonde asamangonena za mwendo wokha kwa dokotala. Phewa, msana, kuiwalaiwala, zonse zilembedwe mu fayilo. Chimene sichinalembedwe kuchipatala, RAF imachikana kuti sichinachokere pangozi. Asajombe ku fiziyo, malisiti onse musunge mu envelopu imodzi.

Akulu a ku Kempton Park:
Ndiwonjezere pa za ndalama, poti apa ndi pamene anthu athu amapusitsidwa. RAF imalipira za chipatala, ndalama zimene munthu walephera kupeza chifukwa chosagwira ntchito, ndi chipukuta misozi cha ululu. Koma kuyambira mu 2008 cha ululucho chimaperekedwa pokhapokha kuvulala kukhale kwakukulu: dokotala alembe fomu ya RAF 4 yosonyeza kuti thupi lawonongeka kufika pa 30 peresenti, kapena kuti munthuyo walumala kwa nthawi yaitali. Za chipatala za m'tsogolo, monga kudzachotsa zitsulozo, kawirikawiri sapereka ndalama m'manja, amapereka chikalata cholonjeza kulipira.

Ovutika kwambiri ndi a delivale, chifukwa alibe payslip. Koperani mu app mbiri ya zomwe amapeza sabata ndi sabata akaunti isanatsekedwe, pamodzi ndi masitetimenti a ku banki. Ngati ankagwiritsa ntchito akaunti ya mnzake, muuzeni loya poyambirira, asakazimve kwa a RAF.

Za kukhala mlendo, lamulo limati munthu wina aliyense, ndipo mu March 2024 khoti lalikulu ku Pretoria linathetsa zimene RAF inaika zofuna umboni wakuti mlendo ali m'dziko movomerezeka. Komabe pasipoti ndi pemiti zikhale pafupi. Loya wolipidwa mukawina saloledwa kupitirira 25 peresenti, ndipo pangano lilembedwe. Aja oyendayenda m'mawodi ndi mafomu, osasaina kanthu kwa iwo.

Achimwene a ku Yeoville:
Tatsala ndi njinga. RAF siilipira ngakhale galasi. Mwini njinga ndiye ayenera kufunsa inshulansi yake, kapena kusumira wagalimotoyo, ndipo zikakhala ndalama zochepa khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, silifuna loya. Inshulansi zambiri zimakana ngati njinga inalembedwa kuti ndi yoyendera chabe pamene ikugwira bizinesi, kapena wokwera alibe laisensi yoyenera: laisensi ya A1 imathera pa njinga ya injini ya 125cc, kupitirira apo pafunika ya A. Achemwali, werengani pangano la rendi musanapereke ndi randi imodzi yomwe, ndipo njingayo ijambulidwe mbali zonse isanapite kwa makaniko.