Mwana wanga waona kanema wa chiwembu chija, ndimuuze chiyani?

Wosatchula Dzina: Abale ndithandizeni. Mwana wanga waona kanema wa chiwembu chija pa foni ya bambo ake, foni yomwe ine sandilola n'kuigwira komwe. Pano sakugona, akungofunsa kuti anthuwo analakwanji. Bambo ake akuti ndi sewero la akuluakulu, apongozi akuti ndi chilango cha Mulungu (iwowa ngakhale mutu undipweteke amati chilango). Ndimuuze chiyani?

Make Mapasa: Chiwembu chake chiti, mayi? Nanga mwanayo ali ndi zaka zingati?

Diso Lakuthwa: AMUNA ANU AKUNENA ZOONA. Pulezidenti Kennedy wa ku America anaphedwa mu 1963, komiti ya boma yofufuza za imfayo (Warren Commission) n'kunena kuti womuwomberayo, Oswald, anali yekha. Inu n'kumavomera? Dzukani anthuni!

Mphunzitsi Wopuma: A Diso, kuthamangira kumasulira n'kumene kumapweteketsa anthu. Mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston, ku America, mu 2013, anthu pa tsamba la pa intaneti la Reddit analoza chala wophunzira wina wosalakwa, mpaka eni ake a Reddit anapepesa. Ku Southport, ku Britain, mu 2024 ataphedwa atsikana atatu, kunawanda mphekesera yoti wakuphayo ndi Msilamu wobwera kudzapempha malo okhala. Anthu anakagenda mzikiti, chonsecho mnyamata wakuphayo anabadwira ku Cardiff, ku Britain komweko.

Diso Lakuthwa: Za Cardiff anakuuzani ndani? Si omwewo?

Kaseka: Ine yandigwira mtima ndi ya foniyo. Muli chiyani m'menemo? 😂

Wopulumuka: Ine chipolowe ndinachiona ndi maso angawa. Ndinafika kunyumba ndi nsapato imodzi, utsi wokhetsa misozi uli m'kamwa. Mpaka lero chitseko chikamenyeka ndimadzidzimuka. Koma odziwa zonse amakhala amene kunalibeko.

Gogo Wanu: Makolo a masiku ano! Mwana n'kumupatsa foni usiku, mawa muzidzalira pano?

Make Mapasa: Agogo, anena kuti foniyo si yawo. Mayi, yambani mwamufunsa zimene waona, musamuonjezere zina. Muuzeni kuti zachitikazo ndi zoipa, koma iye ali ndi inu. Kanemayo afufutidwe.

Diso Lakuthwa: Kufufuta? Umboni umenewo! N'zimene akufunatu.

Mphunzitsi Wopuma: Akufuna ndani, achimwene? Tchulani dzina.

Diso Lakuthwa: Pano ayi. Bwerani ku inbox.