ERP pa hardware ya mashopu atatu, ndiyambire pati?

Nambewe25:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi hardware, shopu ina ku Area 25, ina ku Mchesi ndi kanthambi katsopano ku Kasungu. Zonse timalemba m'mabuku a hardcover aja, madzulo anyamata amanditumizira zithunzi za masamba pa WhatsApp ine nkumalowetsa mu Excel usiku. Sabata yatha tawerenga sitoko, buku likuti simenti yatsala matumba 140 koma tapeza 112, malata nawonso sakugwirizana ndipo aliyense akungoloza mnzake. Alamu anga akuti ndigule ERP ati zonse zizikhala pamodzi. Chimagwira bwanji chinthuchi? Si cha makampani akuluakulu okha?

AkauntantiWaKuLimbe:
Pepani mayi, matumba 28 ndi ndalama zambiri. ERP ndi sisitimu imodzi yomwe sitoko, malonda, ngongole, maoda ndi malipiro a antchito zonse zimalembedwa malo amodzi. Mwaoda simenti, lole yafika, wolandira katundu akalowetsa zomwe watsitsa sitoko imakwera yokha komanso ngongole ya sapulaya imaoneka pompo. Thumba likagulidwa ku Kasungu inu muli ku Lilongwe mukuona kuti latsika. Koma pomwe ine ndikukayikira kwambiri ndi katundu wochoka shopu ina kupita ina, m'mabuku pamenepo ndi pomwe zinthu zimasowera chifukwa wotumiza alemba 50 wolandira alemba 45 ndipo masamba awiriwo sakumana mpaka mwezi kutha. Mu ERP transfer simatsekeka mpaka wolandira avomereze nambala, ikasiyana imakhala ikuonekera tsiku lomwelo.

ERP yamakampani akuluakulu yotchedwa SAP ya ku Germany musaiganizire kaye, ngakhale SAP Business One yomwe anapangira mabizinesi apakati ingakulemereni. Yang'anani Odoo ya ku Belgium, ili ndi Community version yaulere, kapena ERPNext ya ku India yomwenso ndi yaulere (open source). Kunena kuti yaulere sikuti simulipira kanthu ayi, wokuikirani, seva ndi kuphunzitsa anyamata zonsezo ndi ndalama.

Mjomba_Yobe:
Funsani ndalama yake ndi yanji musanasaine. Malaisensi ambiri amalipiritsa m'madola pamutu pa aliyense wogwiritsa ntchito, ndiye kumbukirani kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, bilu imangodumpha inu osawonjezera kanthu, osanenanso za kusowa kwa forex ku banki. Chinanso magetsi akazima kapena netiweki ikathawa ku Kasunguko azigulitsa bwanji? Okugulitsani sisitimuwo akuonetseni ndi maso POS, gawo logulitsira pa kauntala, ikugwira opanda intaneti, osangomva pakamwa. Afotokozenso kuti malisiti a MRA ndi ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zizilowa bwanji.

NaPhiri_Stores:
Achemwali ine ndinadutsamo, ndili ndi golosale ya wholesale ndipo chaka choyamba ndinalira. Tinalowetsa manambala a m'buku osawerenga katundu weniweni, ndiye sisitimu inkangotibwezera bodza lomwe tinaipatsa. Sopo mmodzi yemweyo analembedwa mayina atatu, wina kulemba katoni wina kulemba chimodzichimodzi, malipoti ake osamveka. Tinachita kutseka shopu Loweruka ndi Lamulungu, kuwerenga chilichonse ndi manja, mtundu uliwonse wa katundu kuupatsa khodi yake, kenako nkuyambiranso. Inu ndi misomali ndi ma bolt anuwo gwirizanani kaye, mukugulitsa pa kilo kapena pa paketi?

Koma chomwe chimandiwawa ndikaona anzanga ndi pasiwedi. Anthu asanu kulowa ndi dzina limodzi, pasiwedi yomata pa monitor. Boma lathu linali ndi sisitimu yoyendetsera ndalama yotchedwa IFMIS, ya kampani ya Epicor, nthawi ya Cashgate mu 2013, sisitimu inalipo koma anthu ankalowetsa malipiro abodza, cheke nkutuluka, kenako nkufufuta zomwe analowetsazo, ndipo ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni inapita m'miyezi 6 yokha. Ndiye aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, wogulitsa asamathe kufufuta invoisi kapena kusintha mtengo, ndipo wooda katundu asakhale yemweyonso wolandira. Ngakhale ndi mwana wa achimwene anu.

Nambewe25:
Zikomo nonse, apa mwanditsegula maso. Za transfer zija zandigunda pamtima chifukwa simenti ya ku Kasungu imanyamukira ku Mchesi ndipo palibe amene amasainira ikafika, dalaivala amangotsitsa nkubwerera. Mawa ndikagula buku la ma delivery note la makope atatu tiyambire pamenepo, kumapeto kwa mwezi titseka tiwerenge zonse. NaPhiri, munayamba ndi sitoko ndi malonda zokha kapena munalowetsa ndi malipiro a antchito omwe nthawi imodzi? Komanso anyamata anu anatenga nthawi yaitali bwanji kuti azolowere, wanga wa ku Mchesi ndi wamkulu ndithu ndipo kompyuta sanaigwirepo.