Gulu la "Kwa Agogo Banda": za ulendo wa ana ku Gold Reef City

Lolemba madzulo

Malume Yohane: Mwaswera bwanji nonse, a kumudzi ndi a kuno ku Joni. Sukulu zatsala pang'ono kutseka, ndipo Tadala ndi Mphatso andikumbutsa lonjezo langa la Gold Reef City, paki ya makatungwe ndi zokwera ija, mpaka makutu kuwawa. Amene muli kuno tiyeni tipangane tsiku. Kuchokera ku Rosettenville ndi pafupi, sitingawononge mafuta ambiri.

Limbani: Malume, ine mundilembe kawiri. Kasitima kothamanga mozondoka kaja, Anaconda, kakundidikira 😂

Mayi a Tadala: Iwe amene unachita chizungulire pa katungwe wa ana uja?

Limbani: Anti, tsiku limene lija inali njala.

Malume Yohane: Ndimaganiza za pa 16 Disembala, poti ndi holide ndipo tonse sitigwira ntchito.

Chikondi: Inu pitani Malume. Ine nditsala ndiziphika, mudzapeza nsima yamoto.

Malume Yohane: Ngati ndi za tikiti usadandaule, ndilipira ine.

Chikondi: Si za ndalama ayi.

Mayi a Tadala: Tadala wanena kale kuti popanda achemwali ake a Chikondi sapita. Bambo a Tadala, tsikulo tayambani mwaliimitsa kaye.

Mayi a Chikondi: Mwana wanga, vuto n'chiyani? Iwe umakonda ana amenewa. Wayambana ndi munthu?

Mayi a Chikondi: Chikondi?

Mayi a Chikondi: Ndikuona kuti wawerenga.

Chikondi: Chabwino, ndinene, poti Anti akudziwa kale. Chaka chatha mu Novembala, tsiku la Black Friday lotsitsa mitengo lija, ndinalowa m'shopu ina kukagula mafuta ophikira ndi shuga. Munali anthu osati masewera. Ndili pamzere, kutsogolo munthu, m'mbali munthu, kumbuyo tirole ikundigunda m'miyendo, khomo osaliona. Mwadzidzidzi mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutuluka, mpweya kukana kulowa, zala kuchita dzanzi, thukuta lili kamukamu. Ndinati basi ndikufa, ndifera m'dziko la eni. Basiketi ndinaisiya pansi pomwepo, ndinatuluka ndikukankha anthu, n'kukakhala pansi pamalo oimika magalimoto mpaka Anti anabwera kudzanditenga. Chiyambire pamenepo zandichitikira kanayi. Kutchalitchi ndimakhala benchi ya kukhomo. Takisi ikadzaza ndimadikira ina kuti ndikhale kutsogolo. Ndiye mukamanena za malo amene Johannesburg yonse imakhamukirako pa holide, m'mimba mwayamba kale kutentha.

Mayi a Chikondi: Mayo ine. Chaka chathunthu osandiuza mayi ako?

Chikondi: Ndimaopa kuti mudzati ndibwerere kumudzi.

Mayi a Chikondi: Zimenezi si zabwinobwino. Mwana anachoka kuno ali bwinobwino. Mawa ndipita kwa abusa. Achimwene, mwana ameneyu mumuone bwino, anthu a kumeneko sitiwadziwa.

Grace (Leeds): Ndangotuluka kumene ku ntchito, ndawerenga zonse. Achemwali, pitani kwa abusa, pemphero silinalakwe. Koma mtima ukhale m'malo, palibe amene wamuchita chipongwe mwanayu. Zimenezi timaziona m'chipatala kawirikawiri, ndipo dzina lake ndi panic attack. Chikondi, unapita kukliniki?

Chikondi: Eya Amayi aang'ono. Anayeza BP, magazi ndi mtima, anati zonse zili bwino.

Grace (Leeds): Wachita bwino, chifukwa nthenda ya mtima, mphumu ndi chithokomiro zimatha kuoneka chimodzimodzi, ndiye poyamba n'kuyezetsa. Tsono mverani nonse. Thupi lili ndi belu la ngozi. Ukakumana ndi njoka panjira, belulo limalira, mtima umathamanga, mpweya umafulumira kuti uthawe. Kwa Chikondi belulo likulira popanda njoka. Akamapuma mofulumira choncho ndi pamene zala zimachita dzanzi ndi mutu kuzungulira, iye n'kumaona ngati imfa yafika, mantha n'kuwonjezeka. Nthawi zambiri zimafika pachimake mkati mwa mphindi 10 kenako zimayamba kutsika zokha. N'zowawa kwambiri, koma sizipha.

Limbani: Ine ndimayesa ndi manyazi chabe. Pepa sisi, ndinkakuseka za benchi ya kukhomo ija.

Malume Yohane: Ndiye tingosiya ulendowu? Kapena atsale monga wanenera?

Grace (Leeds): Apo ndiye pali msampha, achimwene. Akatsala, tsiku limenelo apeza mpumulo, koma mantha amakula ukamawathawa. Lero ndi Gold Reef City, mawa ndi shopu, mkuja ndi takisi, mapeto ake munthu satulukanso m'nyumba. Komanso kumukoka pa 16 Disembala, pamene aliyense walandira bonasi ndipo makampani atseka, n'kumuponya m'madzi akuya asanadziwe kusambira. Anene yekha zimene angathe, ife tikonze ulendo mozungulira zimenezo.

Lachiwiri m'mawa

Yamikani (Dedza): Mwadzuka bwanji. Ndawawerengera Agogo zonse usiku. Akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera, musandidzudzule ine.

Yamikani (Dedza): Akuti: Chikondi mdzukulu wanga, zako zomwezo ndinaziona ine. Ndinapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mu 1971 ndili mnyamata. Tsiku loyamba kutsika mumgodi anatilowetsa m'chikepe, amuna ambirimbiri, phewa pa phewa, chitseko chachitsulo n'kutseka. Chitangoyamba kutsika, m'mimba munatsala m'mwamba, mdima bii, fungo la thukuta ndi mabuti. Ndinafuna kukuwa koma mawu osatuluka. Milungu itatu ndinkanjenjemera m'mawa uliwonse, chakudya osalowa. Anandithandiza ndi bambo wina wa ku Mozambique, wamkulu kwa ine. Sitinkamvana chinenero kupatula Fanakalo ya mumgodi. Ankangondiimika kumbali, cha ku waya kumene kumalowa kamphepo, n'kundigwira pamkono, iye n'kumapuma pang'onopang'ono kuti ndizimutsatira. Sanandisekepo. Ndinamaliza kontalakiti yanga, ndinabwera ndi njinga ndi wailesi.

Yamikani (Dedza): Akutinso agogo aakazi mpaka anamwalira osadziwa nkhani imeneyi.

Mayi a Chikondi: Bambo, inu? Ife timadziwa za njinga ndi wailesi basi.

Yamikani (Dedza): Akuti mwamuna nthawi imeneyo sankanena zoterozo. Akuti akanapitanso kachiwiri, koma mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown itanyamula anthu athu obwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa ku migodi.

Chikondi: Agogo, ndalira ndili ku saluni, kasitomala akundifunsa ngati kwagwa maliro. Zikomo.

Malume Yohane: Bambo mwina simudziwa, malo tikupitawa anawamanga pa mgodi wakale wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines. Chitsulo chachitali chokokera chikepe chija chikadalipo, ndipo alendo amawatsitsa pansi atavala zipewa ndi nyali.

Chikondi: Pansipo ayi Malume. Chonde.

Grace (Leeds): Pansipo ayi, wanena. Tiyambire pamenepo. Chikondi, n'chiyani chimakuopsa kwambiri, phokoso, kutentha, kapena kuchuluka kwa anthu?

Chikondi: Kusaona potulukira. Anthu atakhala ambiri koma ndili panja, ndikuona kumene ndingathawire, ndimapirira. Koma mzere wa zitsulo uja wokhotakhota, umene ukalowa pakati sungabwerere, umenewo ndiye ayi.

Mayi a Tadala: Ndiye vuto lachepa. Malowo ambiri ndi apanja. Pali timisewu tokhala ngati Johannesburg wakale, nyumba zakale za anthu a mumgodi, mabenchi. Mizere yoopsayo ili pa Anaconda ndi Tower of Terror, kumene kumathamangira achinyamata. Ife a zidole za ana tizikhala mbali ina. Ngati pali tikiti ya osakwera yotsikirapo mtengo, Chikondi ine ndi iwe tigule imeneyo.

Chikondi: Koma Mphatso adzafuna ndikwere naye kenakake.

Mayi a Tadala: Ndiye tidzaona mitengo pogula. Usadzimangirire lero.

Malume Yohane: Za tsiku ndamva. Pa 16 ayi, pa 26 ayi, Loweruka ndi Lamlungu ayi. Ndikuti Lachinayi loyamba sukulu zikangotseka, makampani asanatseke. Ndipempha tsiku limodzi kuntchito. Matikiti ndigula pa intaneti kuti tisakaime pa windo.

Limbani: Ndipo tifike geti lisanatsegulidwe. Anthu a kuno amadzuka mochedwa pa holide, chigulu chimafika cha m'ma 11. Komanso Disembala mvula ya mabingu imakonda masana, ikangoyamba aliyense amathamangira pansi pa denga limodzi, pamenepo ndiye pothinana zedi.

Grace (Leeds): Limbani walankhula zanzeru, lembani tsikuli 😄 Mitambo ikayamba kuda musadikire dontho loyamba. Ndipo mudye msanga, cha m'ma 11 momwemo, anthu asanadzaze malo odyera. Chikondi, m'mawa umenewo udye, njala imafanana ndi mantha m'thupi. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija usiye, zimathamangitsa mtima. Botolo la madzi ndi chipewa.

Grace (Leeds): Tsono ichi n'chofunika kuposa zonse, ndipo ndikunena kwa inu enanu. Zikamuyamba, musamuzungulire. Ndikukudziwani a kwa Banda, wina adzabwera ndi madzi omuthira kumutu, wina kumukupiza ndi chitenje, wina kuyamba pemphero mokweza, anthu odutsa n'kuima kuti aone. Munthu amene akuthawa chigulu mwamupangira chigulu china. Apite naye munthu mmodzi yekha pamthunzi, akhale pansi. Osamufunsa mafunso ambiri, osamuuza kuti limba mtima. Kokani mpweya limodzi kuwerenga mpaka 4, kutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6, kutulutsako kutalike kuposa kukoka. Zija anachita bambo wa ku Mozambique. Akakhazikika pang'ono, atchule zinthu 5 zimene akuona, 4 zimene akukhudza, 3 zimene akumva, maganizo abwerere panja pa thupi.

Mayi a Chikondi: Chitenjecho ukunena ine, ndamva.

Limbani: Munthu mmodziyo ndine.

Chikondi: Iwe udzakhala uli mozondoka pa Anaconda. Ndikufuna Anti.

Mayi a Tadala: Ndilipo. Ana adzatsala ndi bambo awo. Ndipo tisachititse ana mantha, iwe udzangoti "Anti, tiyeni tikagule madzi", ine ndidzadziwa.

Malume Yohane: Tikangolowa tisankhe benchi imodzi pafupi ndi geti, ikhale pokumanirana. Zithandizanso ana akasochera. Mphatso ndimulemba nambala yanga pamkono.

Limbani: Ndibwereka galimoto ya mnzanga tipite ndi ziwiri. Sisi akatopa, ine ndimubweza kunyumba, ana apitirize. Mafuta tigawana.

Chikondi: Ndikabwerera 12 isanakwane musadzati ndawononga ndalama ya Malume.

Malume Yohane: Ukangolowa geti n'kujambulitsa ndi Tadala, ndalama yanga yagwira ntchito.

Grace (Leeds): Kwatsala milungu itatu. Loweruka lino pita ndi Anti ako kushopu nthawi ya anthu ambiri, ukaime pamzere ndi buledi mmodzi. Mtima ukayamba, usatuluke nthawi yomweyo, puma monga ndanenera, uone ukutsika wokha. Loweruka linalo ukatalikitseko. Ndipo ulendowu ukatha usasiyire pomwepo. Kumeneko kuli bungwe la SADAG, amalankhula ndi anthu pafoni za nkhawa ngati zimenezi ndipo angakulozere kwa alangizi. Chithandizo chokambirana chija chotchedwa CBT chimathandiza ambiri. Ukabwera kumudzi, achipatala a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Mayi a Chikondi: Kwa abusa ndapita kale m'mawa uno. Sindinatchule za ziwanda, Grace, usandiyang'ane choncho. Ndangoti amupempherere pa ulendo.

Grace (Leeds): Sindinanene kanthu ine achemwali 😂

Yamikani (Dedza): Agogo akuti mukawajambulire chitsulo cha chikepe chija, chionekere chonse mpaka mawilo a pamwamba. Akuti Limbani atsike pansipo m'malo mwawo adzawauze ngati fungo lake likadali lomwe lija.

Limbani: Pansi pa nthaka? Agogo, ine ndinalembetsa za m'mwamba.

Chikondi: Ukatsika ndikugwira pamkono mpaka pakhomo la chikepe, kenako ndibwerera 😂 Malume, Lachinayilo ndapempha kale kwa abwana, avomera. Gulani matikiti.

Malume Yohane: Akulu anayi, ana awiri. Limbani, yako utumize lisanafike Lachisanu, iwe sindikulipirira.