Training ya anamwino a kundende, tidziwa bwanji ngati inathandiza?

Sista_waChibavi:
Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndine namwino, ndakhala pa kiliniki ya kundende zaka zingapo ndiye andiuza ndilembe lipoti ngati training ya TB ndi HIV imene tinapitako chaka chatha inathandiza kapena ayi. Chomwe ndili nacho m'manja ndi mapepala a pre-test ndi post-test (mayeso olemba training isanayambe ndi itatha) basi, tonse tinakhoza tsiku lomaliza koma mtima sukundilola kulemba kuti zinatheka chifukwa ndikudziwa kuti m'maselo anthu akutsokomolabe usiku wonse, makamaka ndi kuzizira kwa Juni kwa kuno ku Mzuzu. Inu mumayeza bwanji?

Mphunzitsi_Luwinga:
A Sista, post-test imangoonetsa kuti munthu wakumbukira zomwe anamva dzulo lake. Tsegulani ma register, mutenge miyezi 6 training isanachitike ndi miyezi 6 itachitika. Mwa omwe analowa kumene, angati anafunsidwa za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda tsiku lomwe anafika? Makhololo angati anapita ku GeneXpert (makina oyezera TB), zotsatira zimabwera patapita masiku angati, nanga omwe anayamba mankhwala a TB anamaliza miyezi 6 yonse ndi angati? Koma ine chimandiwawa kwambiri ndi cha ma ARV, munthu amutulutsa kapena amusamutsira ku Maula kapena ku Zomba alibe kalata ya transfer alibe mankhwala, basi wasowa. Pamenepo ndi pomwe mungaone ngati namwino anasintha kagwiridwe ka ntchito. Malamulo a Mandela aja a UN a 2015 amanena kuti wandende aonedwe ndi wachipatala mwamsanga akangolowa, komanso athandizidwe mofanana ndi munthu wa panja, muyezo wanu uchokere pamenepo.

Wa_Zolozolo:
Ine sindine wachipatala koma ndinakhalako pa rimandi miyezi ingapo, sinditchula kuti kuti. Amayi register siinena zonse. Kuti ufike ku kiliniki umadutsa kaye kwa nyapala (wandende mnzako woyang'anira selo), akapanda kukulemba ndiye kuti sukudwala. Ndipo anthu ena amasiya mankhwala dala chifukwa amaitanidwa mokuwa pagulu kuti a ma ARV bwerani, ena chifukwa cha njala, nsima kamodzi patsiku mankhwala umwa bwanji. Afunseni eni ake koma msilikali asaime pakhomo, akaima aliyense angoti zonse zili bwino bwana. Ena afunseni m'Chitumbuka, amasuka kwambiri.

NMT_Katoto:
Ndikugwirizana nawo onsewa koma chonde musamusenzetse namwino katundu yemwe si wake. Za kuthithikana khoti linagamula kale mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano kuti ndi kuphwanya ufulu wa andende, ndiye selo ikakhala yodzaza mpweya osalowa, TB ndi mphere zifalabe ngakhale namwino aphunzire chotani. Mu lipotimo mulekanitse zomwe namwino angasinthe ndi manja ake ndi zomwe zikufuna akuluakulu. Komanso tinene zoona ambirife timapita ku ma training chifukwa cha ma point a CPD (osonyeza kuti namwino akupitiriza kuphunzira) a ku Nurses Council ndi ka allowance, ndiye funsaninso kuti mwa omwe anaphunzira aja angati akadali pa kiliniki yomweyo. Mtsogolo muno mupemphenso training ya matenda a maganizo, chipatala cha matendawa cha St John of God chili konkuno.

Sista_waChibavi:
Zikomo kwambiri nonse. Achimwene a ku Zolozolo mwanditsegula maso, za nyapalazo sindinaziganizepo ngati chinthu cholemba. Lolemba ndiyamba ndi register ya olowa kumene, kenako ndikapemphe kwa a Officer in Charge kachipinda koti ndicheze ndi odwala awiriwiri chitseko chotseka. A Mphunzitsi mukapezeka Loweruka ndibwere ndi manambalawo ku Luwinga tidzawaonere limodzi?