Baibulo la 1611 lojambulidwa: ndigule kapena ndisiye?

aChisale: Abale, ndaona pa intaneti Baibulo lachingerezi la King James lojambulidwa tsamba ndi tsamba kuchokera ku loyamba lija la 1611. Ndimati ndiwagulire bambo, amakonda za mbiri ya mpingo. Koma mtengo wake ungagule thumba la feteleza n'kutsalako. Ndithandizeni nzeru.

aNambewe: Maso a bambowo ali bwanji, achimwene? Yambirani pamenepo. Robert Barker analisindikiza ku London ndi zilembo zakuda bii, zothinana. U ndi v zimasinthana malo, s wina ndi wamtali moti mungamuyese f, ndipo dzina la Yesu likuyamba ndi I. Loyambalo linali lalikulu, loika pa gome m'tchalitchi. Ojambulawa ambiri amalichepetsa kuti linyamulike, zilembo nazo n'kuchepa.

aPhiri: Musataye ndalama. King James ali kale m'foni mwaulere.

aNambewe: Si yemweyo aPhiri. Wa m'foniyo kawirikawiri amatsatira amene anakonza Benjamin Blayney ku Oxford mu 1769.

aPhiri: Uthenga wake ndi umodzimodzi. Anakonza kalembedwe basi. Nanga munthu ulipire kuti uwerenge movutikira?

Gogo Mvula: Ana inu, mukukangana za zilembo, mwasiya zimene zili m'katimo. La 1611 lili ndi mabuku owonjezera otchedwa Apokirifa pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano: Tobiti, Yuditi, Amakabeo ndi ena. Ambiri amene timati King James wathu sitidziwa n'komwe kuti mabuku amenewa analimo. Mulinso kalendala, mibadwo ya anthu a m'Baibulo yojambulidwa ndi John Speed, komanso mawu oyamba aatali a Miles Smith, momwe omasulirawo akunena okha kuti sanabwere kudzapanga Baibulo latsopano koma kukonza labwino limene linalipo kale. Ntchito yomasulirayo anaigamula ku nyumba yachifumu ya Hampton Court mu 1604, ndipo anaigwira anthu pafupifupi 47, m'magulu 6, ku Westminster, Oxford ndi Cambridge. Mfumu James inkadana ndi ndemanga za m'mphepete mwa Baibulo la Geneva, lachingerezi limene linalipo kale, chifukwa zina zinkavomereza kukana lamulo la mfumu. N'chifukwa chake m'mphepete mwa la 1611 mumangopeza katanthauziridwe kena ka mawu ndi mavesi ofanana. Mawu oyamba aja ndi Apokirifa m'foni simuzipeza kawirikawiri.

aPhiri: Zimenezo ndi za kusukulu ya ubusa, gogo. Bambo a aChisale amapemphera ndi Buku Lopatulika.

aChisale: Zoona, kupemphera ndi Buku Lopatulika. Ili akufuna lopenyerera ndi kuonetsa alendo.

aNambewe: Ndiye pali njira ya pakati. Oxford inatulutsa lina mu 1833, mawu ndi kalembedwe ka 1611 koma zilembo zathu zamasiku onse, ndipo la mtundu womwewo linatulukanso pokumbukira zaka 400. Limawerengeka. Kungoti kukongola kwa zilembo zakale kuja kulibe.

Gogo Mvula: Mukagula, tsegulani Rute 3:15. Kusindikiza koyamba kumati mwamunayo, Boazi, ndiye analowa mu mzinda, kwinako kumati mkaziyo, Rute. Mudziwa limene anajambula mwa awiriwo.

aChisale: Wogulitsayu sanalembe ngati Apokirifa ilimo.

aNambewe: Ena amaichotsa mwakachetechete koma n'kulembabe 1611 pachikuto. Mufunseni atumize chithunzi cha tsamba la Tobiti, ndiponso akuuzeni kukula kwa bukulo m'masentimita. Akazengereza, musiyeni.

aPhiri: Muwonjezerepo ya kutumiza ndi msonkho, kenako mubwere mutiuze.