Nkhope mbuu m'mawa, masana mafuta okhaokha, ndidzole chani?

Amake Taonga, Kapata:
Mwauka bwanji anzanga, ndithandizeniko mwandi. Ine ndimagulitsa pa Saturday Market tsiku lonse padzuwa, ndiye mphepo ya Ogasiti iyi fumbi lake mukulidziwa. Ndikangosamba m'mawa nkhope imachita kukoka, masaya mbuu, koma dzuwa likafika pamutu pamphumi ndi pamphuno mafuta okhaokha, tiziphuphu nato sitikutha ndipo tikapola timasiya madontho akuda. Ndimasamba sopo wochapira wobiriwira uja kenako Vaseline basi. Mnzanga wa tebulo loyandikana akuti ndigule kakirimu kena ka m'chubu, ati kamachotsa madontho msanga. Kirimu wamasana wabwino ndi uti kodi?

Mwana wa a Phiri, Katete:
Amake Taonga yambani mwasiya sopoyo, uja ndi wa zovala, amakokolola mafuta onse pakhungu ndiye kukoka mukunenako. Pezani kofatsa kosambira kumaso, kaya ndi face wash kaya sopo wa ana wopanda pefyumu, m'mawa ndi madzulo chabe osati kasanu patsiku, madzi ofunda osati otentha. Ndipo musapukute mpaka kuuma gwa, ingogundagundani ndi thaulo nkudzola khungu likadali lonyowa pang'ono. Vaseline si woipa ayi, ntchito yake ndi kutsekera chinyezi kuti chisathawe, koma masana pamsika amamata fumbi lonse la Kapata kumaso. Musungeni wausiku, pamilomo ndi pamene pasweka. Masana kirimu wopepuka, pabotolo muone mawu akuti oil-free kapena non-comedogenic, ndiye kuti satseka timabowo ta khungu.

Sisi wa mu famase, Chipata:
Ine za kachubuko ndiye ndalowererapo. Amayi chonde muwerenge kaye tizilembo tating'ono tija kumbuyo. Mukaona clobetasol kapena betamethasone dziwani kuti ndi steroid, mankhwala amphamvu amene dokotala amalembera munthu wodwala khungu kwa masiku owerengeka, si mafuta odzola ayi. Poyamba mudzasangalala, nkhope see kuyera, anthu nkumakufunsani mukudzola chani, kenako khungu limapyapyala timitsempha kuonekera, ziphuphu kubwera zambiri kuposa kale, ndipo tsiku lomwe mwasiya nkhope imayabwa nkufiira ndiye munthu amabwereranso kukagula. Hydroquinone, mankhwala ena oyeretsa khungu, nayenso mukamudzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda bii pamasaya zovuta kuchotsa, timawaona amayi otere akubwera kudzafunsa mankhwala ataphimba ndi paudala. Zosakanizasakaniza zogulitsa m'timabotolo topanda lebulo ndiye musayerekeze nkomwe, zina mumakhala mercury amene amaononga impso.
Madontho anuwo chimawadetsa kwambiri ndi dzuwa. Ndiye kirimu wamasana musankhe wolembedwa SPF 30 kapena kuposa, SPF ndiye muyeso wa mmene kirimu amatetezera khungu ku dzuwa, ndipo poti mumakhala panja muzionjezera pakapita maola awiri, chipewa chachikulu kapena ambulera pa tebulo. Madonthowo amazimiririka pang'onopang'ono, ndi miyezi osati sabata, bola musamafinye.

Ambuya a ku Chadiza:
Ana inu zinthu zanuzi nzodula. Ife tinakula ndi gilisalini, timadontho tiwiri m'chikhato nkusakaniza ndi madzi, basi Juni yense osasweka. Za SPF si za azungu zimenezo?

Sisi wa mu famase, Chipata:
Ambuya pa gilisalini mwanena zoona, amakoka madzi kubweretsa pakhungu nchifukwa chake amapezeka m'makirimu ambiri ngakhale odula omwe, kungoti yekhayekha osasungunula amanata. Koma dzuwa silisankha ambuya, ife akuda sitipsa msanga inde koma madontho ndi ife amene amatikanirira. Makirimu ena a SPF amasiya mbuu ngati phulusa, ndiye yesani kaye pang'ono pachibwano musanadzole nkhope yonse.

Amake Taonga, Kapata:
Zikomo kwambiri nonse, kachubu kaja ndakaona kwa mnzanga palembedwadi clobetasol, ndamuuza wakana ati iye kamamuyanja. Sopo ndisintha mawa. Nanga wa SPF uja ndidzole pamwamba pa gilisalini kapena ndiyambe iye, poti ine thukuta ndiye losayamba?

Mwana wa a Phiri, Katete:
Gilisalini poyamba, dikirani alowe, SPF pamwamba. Koma ndi thukuta lanulo pamphumi ndi pamphuno gilisalini musiyeni, pamasaya pokha pouma paja.